Kufulasha kunafika, manachesi akadali m'njira

Chaka chatha ndinatha masiku anayi osalankhulana ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi chifukwa cha mizere inayi ya code. Ine ndinkati wolakwa ndi iye, iye ankati ndine. Aliyense anali atawerenga mbali ya mnzake kambirimbiri osapezamo cholakwika, komabe aliyense ankalumbira kuti kwa iye kulibe vuto. Nkhaniyi ndikanaiiwala kale, koma inandikumbutsa mkangano wina wa kwathu kwa Kanduku umene mpaka lero sunazime bwinobwino.

Ndiyambe ndi wa kusukuluwo. Pa kosi ya operating systems anatipatsa ntchito ya awiriawiri: kulemba kernel module ya Linux yokhala ndi ma thread awiri, ina yolemba uthenga m'memory, ina yowerenga. Ine ndinatenga yolemba. Njira yachidule inalipo, kungoika lock kuti wina akamalemba winayo adikire. Koma ife tinafuna kuonetsa kuti ndife akatundu, tinati lock ndi ya ana. Tinagwirizana kuti ine ndikamaliza kulemba uthenga ndizisintha kanambala kotchedwa flag kuchoka pa 0 kufika pa 1, iye azingoyang'ana flag yo, ikakhala 1 awerenge.

Mbali yanga inali iyi:

uthenga = watsopano;
flag = 1;

Yake inali iyi:

while (flag == 0) ;
werenga(uthenga);

Tinaikanso mawu oti volatile pa zonse ziwiri kuti compiler isasinthe dongosolo lake, n'kumadziona ngati tatseka mipata yonse. Pa laputopu yanga ya Intel tinaisiya ikuthamanga usiku wonse. M'mawa tinapeza mauthenga mamiliyoni atadutsa, palibe ngakhale umodzi wolakwika.

Tsoka lake, chionetsero chinali choti tikachitire pa Raspberry Pi 4 ya mu labu. Pamenepo thread ya mnzanga inayamba, mwa apo ndi apo, kuwerenga uthenga wakale. Flag ikuti 1, koma chimene wapeza m'memory ndi cha ulendo wapitawo. Tikaika printk kuti tione chikuchitika n'chiyani, vuto limathawa. Tikaichotsa, labwerera. Ndinamuuza kuti loop yake ndi yosokonekera. Anandiuza kuti ndikukweza flag ndisanamalize kulemba. Ndinamusonyeza mizere yanga iwiri ija ndi chala pa sikirini: kulemba kuli pamwamba, flag ili pansi, ukufunanso chiyani?

Tsopano za kwathu. Amalume anga amalima manachesi, monga ambiri ku Mwanza. Amene munadutsapo pa msewu wopita ku Zobue miyezi yozizira mukudziwa mmene milu yake imachulukira, ndi mmene mtengo umagwera aliyense akamagulitsa chinthu chimodzimodzi. Choncho amalume ankatumiza matumba ku Limbe, kumene achemwali anga ankagulitsa. Mbali ina ya fizi yanga ya ku sekondale inkachokera m'matumba amenewo.

Pangano lawo linali losavuta. Amalume akweze matumba pa lole atawalemba chizindikiro chawo ndi penti yofiira. Wa lole akawatsitse pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Amalume awafulashe achemwali kawiri. Osaimba ayi, mayunitsi ndi ndalama. Achemwali akaona kufulasha kuwiri, apite kugolosale kukatenga katundu. Amalume ankafulasha lole ikangonyamuka, ataima pachulu cha kuseri kwa nyumba pamene netiweki imagwira. Achemwali nawo ankayamba amaliza kugulitsa za m'mawa, n'kupita kugolosale dzuwa litapendeka. Pofika nthawi imeneyo lole inkakhala itafika kalekale. Zinayenda choncho nyengo ziwiri popanda dandaulo.

Tsiku lina amalume anakweza matumba asanu ndi limodzi m'mamawa, anafulasha, anazimitsa foni n'kupita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Lole inafera pa Zalewa. Achemwali tsiku limenelo analibe chogulitsa, ndiye anapita kugolosale msanga. Pakhonde anapeza matumba awiri a penti yofiira. Anali otsalira pa ulendo wa sabata yapitayo, amene anabisika kuseri kwa matumba a makala. Kufulasha sikunena chiwerengero, sikunenanso tsiku. Achemwali anawatenga, anapeza theka laola, anagulitsa zotsalazo motchipa n'kutumiza kandalama kochepako. Lole inafika usiku wa tsiku lotsatira. Matumba asanu ndi limodzi aja anakhala pakhonde masiku atatu opanda mwini, ena anasowa, ena anaphwanyika.

Amalume atalandira ndalamazo anabwera kwathu madzulo, anakhala pampando osavula chipewa, n'kuuza amayi kuti, "Mwana wakoyu wayamba kundibera." Amayi anaimbira achemwali pomwepo. Ndinamva kulira kwawo pa foni ndili panja. Zoona zake zinadziwika patatha masabata awiri, wa lole uja atadutsanso. Koma mawu anali atanenedwa kale pamaso pa anthu, ndipo wonena anali mwini mbumba.

Usiku wachinayi wa kusalankhulana kuja, ndikuwerenga fayilo ya mu kernel yotchedwa memory-barriers.txt, ndinazindikira kuti ndikuwerenga nkhani ya amalume. Iwo anachita zinthu m'dongosolo loyenera: katundu poyamba, chizindikiro pambuyo. Achemwali nawonso: chizindikiro poyamba, katundu pambuyo. Chimene onse sanachiganizire n'chakuti katundu ndi chizindikiro zimayenda njira zosiyana, ndipo palibe chinkakakamiza kuti zifike m'dongosolo limene zinanyamukira.

Mkati mwa purosesa zimachitika zomwezo. Core imathamanga kwambiri kuposa memory, ndiye ikauzidwa kulemba nambala siima kudikira kuti nambalayo ifike. Imaiponya m'kamzere kake kotchedwa store buffer n'kupitiriza ntchito. Kuti nambalayo ioneke kwa ma core ena, core yolembayo iyenera kukhala itatenga umwini wa kachigawo ka cache komwe nambalayo imakhala. Ngati kachigawo ka flag kapezeka msanga pamene ka uthenga kakadali m'manja mwa core ina, purosesa ya ARM ili ndi ufulu wotulutsa flag poyamba. Lonjezo limene core imasunga ndi lakuti iyo yokha iziona ntchito zake m'dongosolo limene munalemba. Za mmene anzake azionera, sinalonjeze kanthu pokhapokha mutaipempha. Volatile yathu ija inkalankhula ndi compiler yokha, purosesa sinkaimva n'komwe.

Ndipo vuto silili kwa wolemba yekha, apa m'pamene mnzanga anasiya kundiseka. ARM imaloledwanso kuwerenga mosatsata dongosolo. Core yowerenga ikhoza kutenga uthenga pasadakhale, isanatsimikize za flag, poganiza kuti ikupulumutsa nthawi. Zili ngati achemwali adutse pagolosale m'mamawa, aone matumba awiri, kenako masana alandire kufulasha n'kunena kuti katundu ndamuona kale, ndi uja. Ngakhale amalume akanadikira mpaka lole itatsitsa, munthu wodalira zimene anaona chizindikiro chisanabwere akanatengabe zakale.

Nanga laputopu yanga inkabisiranji? Mapurosesa a Intel ndi AMD amatsatira lamulo lokhwimirapo. Zolemba ziwiri za core imodzi zimaonekera m'dongosolo lake, zowerenga ziwiri chimodzimodzi. Code yathu inali yolakwika kuyambira tsiku loyamba, kungoti makina amene tinkayeserapo sakanatha kuonetsa kulakwako ngakhale tikanaisiya ikuthamanga chaka chathunthu. Mauthenga mamiliyoni aja sanali umboni wa chilichonse. Anali ngati nyengo ziwiri zimene amalume ankafulasha lole ili pa Mwanza koma zinthu n'kumayenda bwino. Printk nayo inkachedwetsa thread mokwanira kuti lole ifike.

Kukonza kwake kunali mizere iwiri. Ine ndinasintha kukweza flag kukhala smp_store_release, kutanthauza kuti zonse zimene ndalemba m'mbuyomu zionekere kaye flag isanaoneke. Iye anasintha kuyang'ana flag kukhala smp_load_acquire, kutanthauza kuti asawerenge chilichonse cha patsogolo asanaione flag yo. Pa ARM ya 64-bit ziwirizi zimasanduka malangizo apadera otchedwa STLR ndi LDAR. Pa Intel zimangokhala kulemba ndi kuwerenga wamba, kuphatikiza kuletsa compiler kusuntha zinthu. Zimagwira ntchito zikakhala ziwiri. Wina akachita mbali yake winayo osachita, mpata ulipobe. Masiku anayi tinkafunsana kuti wolakwa ndani, pamene cholakwika chinali pakati pathu, m'pangano limene sitinalilembe.

Chimene chinandisintha maganizo kwenikweni chinabwera pambuyo pake. Vuto litasowa pa Pi, mnzanga anatenga pepala n'kunena kuti tiyeni tione njira yobwerera. Iye akamaliza kuwerenga ankabwezera flag pa 0 kuti ine ndilembe uthenga wina. Tinafunsa funso lomwe lija: n'chiyani chikuletsa kuti 0 ameneyu aonekere kwa ine iye asanamalize kuwerenga? Yankho linali lakuti palibe. ARM imalola kulemba kuonekere kuwerenga kwa m'mbuyo kusanathe, ngati ziwirizo sizidalirana. Ndikanatha kufufuta uthenga uli m'kati mowerengedwa. Vuto limeneli sitinalionepo ndi maso ngakhale kamodzi, pa laputopu kapena pa Pi. Tinalipeza ndi pensulo, ndipo tinalitseka ndi release ina. Tikanadikira kuti liwonekere pa sikirini, bwenzi titapereka ntchito yathu lili momwemo.

Apa ndiye pali dandaulo langa ndi mmene ambirife timaphunzirira. Tinazolowera kuti pulogalamu ikathamanga n'kutulutsa yankho loyenera, yatha. Timakhoza mayeso motero, timalembana ntchito motero. Pa code ya thread imodzi chizolowezichi chimatipirira. Pa ma thread awiri ogawana memory chimatinamiza, chifukwa kuyesa kumangokuonetsa njira zochepa zimene makina ako anasankha tsiku limenelo, mwa njira zambirimbiri zimene amaloledwa kusankha. Funso loti zachitika chiyani nditayesa ndi lopepuka. Lolemera ndi loti n'chiyani chikuletsa kuti zichitike mwina, ndipo yankho lake liyenera kukhala chinthu chimene ungachiloze ndi chala: lock iyi, barrier iyi, release iyi yogwirizana ndi acquire iyo. Ukayankha kuti nthawi zonse lole imakhala itafika, ulibe yankho.

Mutu wathu umaganiza mwachibadwa kuti pali dongosolo limodzi la zochitika limene aliyense akuliona mofanana. Leslie Lamport analipatsa dzina mu 1979, sequential consistency, ndipo anachita kulifotokoza mosamala chifukwa ankadziwa kuti makina a mapurosesa angapo sangalipereke mwaulere. Ngakhale Intel imene inandipusitsa ija silipereka lonse. Imalola core kuwerenga nambala ina pamene zimene yalemba zikadali mu store buffer. Ndiye ma thread awiri akhoza aliyense kukweza mbendera yake, kuyang'ana ya mnzake, onse n'kuona kuti sinakwezedwe, onse n'kulowa pamodzi. N'chifukwa chake njira ya Peterson ya mu 1981, imene tonse tinaloweza pokonzekera mayeso, imasweka pa laputopu ya lero ukapanda kuikamo barrier. Ine ndinailemba pa mayeso ndi kukhoza, osadziwa kuti pa makina amene anali m'chikwama changa ikanalowetsa anthu awiri pakhomo la munthu mmodzi.

Wina anganene kuti izi ndi za anthu a ku California, ife kuno tizingopanga mawebusayiti. Koma foni ya Android iliyonse imene ili m'thumba la munthu kwa Kanduku, kaya ndi Itel kaya Tecno, ikuyendetsa kernel ya Linux pa purosesa ya ARM ya ma core angapo. Makina amene anatigwetsa mu labu ndi a mtundu womwewo ndi amene achemwali amalandirira ndalama. Ndipo akatswiri enieniwo amagwa nawo. Mu Okutobala 2016 kunaululika vuto lotchedwa Dirty COW, kulimbirana kwa ma thread awiri m'mene kernel imakoperera masamba a memory, kumene kunkalola pulogalamu wamba kulemba m'fayilo yololedwa kuwerenga kokha n'kulanda ulamuliro wa makina onse. Linali la mtundu wosiyanako ndi lathu, la kupezerana mpata pakati pa masitepe awiri, koma muzu wake ndi womwewo. Linakhala mu kernel kuyambira 2007, linakhudzanso mafoni a Android, ndipo Linus Torvalds mwini wake anavomera polikonza kuti anayesapo kulitseka zaka 11 m'mbuyomo koma kukonzako kunachotsedwa chifukwa kunkasokoneza makina a s390. Ma kompyuta osawerengeka anayendetsa code imeneyo tsiku ndi tsiku kwa zaka 9, ndipo kwa pafupifupi aliyense inkaoneka yabwinobwino.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti anthu a kernel nawonso anafika potopa ndi kukangana pogwiritsa ntchito nzeru za m'mutu. Mu 2018, pa Linux 4.17, analowetsa malamulo a memory ya kernel olembedwa mwa masamu, ntchito ya Jade Alglave, Luc Maranget, Paul McKenney, Andrea Parri ndi Alan Stern. Ali mu foda ya tools/memory-model. Umalemba kachitsanzo ka mizere yochepa ngati kathu kaja, n'kufunsa pulogalamu yotchedwa herd7 ngati zotsatira zakutizakuti zingatheke, ndipo imayankha poona njira zonse zololedwa. Mu 2020 anawonjezanso KCSAN, imene imagwira ma thread akukhudza memory imodzi popanda pangano. Zonsezi ndi zaulere ndipo herd7 imathamanga pa laputopu yakale. Ine ndinaikamo mizere yathu inayi ija. Inanditengera madzulo amodzi kuphunzira kalembedwe kake, ndipo inandiuza m'kanthawi kochepa zimene tinakanganirana masiku anayi.

Sindikunena kuti aliyense azilemba code yopanda lock. Zimene ndinaphunzira n'zosiyana ndi zimenezo. Spinlock ndi mutex zili kale ndi acquire potseka ndi release potsekula, anthu anaziganizira kale m'malo mwathu. Tikanagwiritsa ntchito lock tsiku loyamba, bwenzi titagona tulo. Matama ndi amene anatipititsa kumene sitinkakudziwa. Komabe sindidandaula kwenikweni, chifukwa tsopano ndikaona lock ndimadziwa chimene ikundigulira, ndipo ndikaona code ya wina yopanda lock ndimayamba kufunafuna pamene pali pangano.

Pa holide yapitayi ndinayesa kuwafotokozera amalume zonsezi tili m'munda. Ndinawauza kuti ngakhale makina a m'foni mwawo amalakwitsa mofanana ndi mmene zinachitikira chaka chija, ndipo palibe amene amakhala wakuba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda nachesi ndi chala chachikulu, kenako anati, "Ndiye sukulu yonseyi ukuphunzira za kufulasha?" Ndinati eya, amalume, pang'ono.

Masiku ano safulashanso okha. Amene amafulasha ndi mnyamata wa pa lole, akatsitsa thumba lomaliza pakhonde, ndipo amalume amamupatsa kangachepe pa ntchito imeneyo. Pa thumba lililonse amalembaponso tsiku pansi pa penti yofiira ija. Anazipeza okha zimenezi, ine ndisanamve n'komwe za release. Katundu amapitabe ku Limbe, achemwali amagulitsabe, ndalama zimabwera zokwanira. Koma achemwali akabwera kumudzi amapereka moni kwa amalume ataima pabwalo, ndipo nsima amakadyera kwa amayi.